Phenobarbital wa amuna anga anakana kusamuka kachiwiri

Amuna anga anayamba kumwa phenobarbital ali Fomu 2. Anagwa koyamba pabwalo la mpira, kenako m'kalasi, ndipo kuchipatala cha boma chakwawo anawauza kuti ndi khunyu, n'kuwayambitsa timapilisi titatu ta 30 mg usiku uliwonse. Kwathu timati phenobarbitone, ndipo banja lililonse limene linasungapo wodwala matenda akugwa limawadziwa. Mwezi ukatha ankatenga kabuku kawo ka kuchipatala, n'kukaima pamzere, adokotala n'kulembamo, iwo n'kupita pawindo la mankhwala. Atapeza ntchito ku Lilongwe sanatsanzike aliyense. Kabuku kanali m'thumba la jekete, ndipo chipatala chilichonse chimene anafikako chinkangotsegula, kuona zimene analemba anzawo, n'kupitiriza pomwepo.

Maganizo amenewo ndi amene ndinakwera nawo ndege. Ndinkaona ngati zimene dokotala walemba ndi zathu, timayenda nazo kumene tikufuna. Ku America si choncho. Chikalata cha mankhwala, chimene kuno aliyense amangoti prescription, chimakhala mu kompyuta ya famase, ndipo pa mankhwala ena boma limawerenga kuti chasamuka kangati. Ine ndinazidziwa zimenezi madzulo a Lachitatu, pa 23 Novembala 2022, m'kabotolo mutatsala mapilisi atatu.

Tinkakhala ku South Bend, kumpoto kwa Indiana, kumene Amalawi alipo ambiri moti pa maliro kapena pa chinkhoswe umaiwala kuti uli kunja. Dokotala wa matenda a ubongo amene ankaona amuna anga anadabwa kumva kuti akumwa mankhwala akale chonchi, poti phenobarbital anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu m'chaka cha 1912 ndipo kuno madokotala ambiri amayamba ndi ena atsopano. Koma atamva kuti papita zaka zambiri osagwa anati palibe chifukwa chosokonezera chinthu chimene chikuyenda bwino. Anangowasinthira ku pilisi limodzi la 97.2 mg. Nambala yachilendoyi inandisokoneza poyamba, mpaka wa famase wina anandiuza kuti inachokera ku muyezo wakale wa mankhwala, asanayambe kuwerengera m'mamiligalamu.

Kumapeto kwa Julayi chaka chimenecho dokotalayo anatumiza chikalata chatsopano pa kompyuta: mapilisi a masiku 30, ndi chilolezo chokatenganso kasanu osabwerera kwa iye. Kukatenganso kumeneku ndiko amati refill. Chikalatacho chinapita ku kafamase kakang'ono ka pafupi ndi nyumba yathu, ka bambo wina wachikulire amene ankatidziwa ndi mayina. Vuto la kafamaseko linali nthawi. Kankatseka 6 koloko madzulo ndipo Lamlungu sikankatsegula, pamene ine ndinkagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, masana ndili m'tulo. Mu Ogasiti ndinalowa m'sitolo yaikulu ya zakudya imene ndinkadutsapo popita ku ntchito, ndinaona kuti muli famase yotseka mochedwa, ndipo ndinawauza kuti atenge zonse za banja lathu. Amlodipine wa BP wa amuna anga, metformin wanga wa shuga, ndi phenobarbital. Tsiku lotsatira zonse zinali zitafika. Ndinadziyamikira kuti ndachita zanzeru. Mwina mtsikana wa pakauntala ananenapo kanthu za phenobarbital, sindingalumbire, chifukwa ndinali nditatopa ndipo maso anali pa wotchi.

Mu Novembala amuna anga anapeza ntchito ku Indianapolis, mtunda wa makilomita pafupifupi 240 kum'mwera. Amene anasamukapo ndi ana akudziwa mmene zimakhalira: makatoni paliponse, sukulu yatsopano, magetsi, intaneti, poto wa nsima osaoneka kwa sabata yathunthu. Za mankhwala sindinadandaule nazo, poti pa kabotolo panalembedwa kuti kwatsala ma refill awiri. Sitolo ija ilibe nthambi ku Indianapolis, koma ndinati nanga si kungoimba foni ngati mu Ogasiti muja.

Ndinafika pa famase yatsopanoyo cha m'ma 4 koloko, mabotolo atatu opanda kanthu kapena otsala pang'ono ali m'chikwama. Mawa lake linali tsiku la Thanksgiving, holide yaikulu ya kuno, ndipo mzere unafika mpaka ku mashelefu a sopo. Anandiuza kuti ndibwere pakatha ola. Nditabwerera, wothandiza pakauntala anandipatsa tithumba tiwiri n'kunena kuti za chachitatucho ndidikire ndilankhule ndi wa famase mwini wake, uja wovala gauni yoyera.

Anali mayi wamng'ono thupi, wooneka kuti sanakhale pansi chiyambire m'mawa. Anati walankhula ndi mnzake wa ku South Bend ndipo phenobarbital sangabwere, chifukwa chikalatacho chinasamukapo kale. Ine ndinamuonetsa kabotolo, chala pa nambala 2. Anavomera kuti ma refill awiriwo alipodi, palibe amene wawalanda, koma angatengedwe ku South Bend kokha. Apa ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti awa si mankhwala ozunguza bongo, ndi a munthu wodwala khunyu, ndipo kwathu amaperekedwa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi popanda mafunso onsewa. Ndinakweza mawu mpaka anthu a pamzere anayamba kuyang'ana pansi. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, chifukwa mayiyo analibe chimene akanachita. Akanati andimvere chisoni n'kulandira chikalatacho, laisensi yake ndi imene ikanakhala pa moto.

Sanandibwezere mawu. Anatenga kapepala n'kundilembera nambala ya lamulo, 21 CFR 1306.25, kuti ndikawerenge ndekha, kenako anandifotokozera mwachidule. Zimene ndikulemba apa ndi zake pamodzi ndi zimene ndinawerenga usiku womwewo ana atagona.

Lamulo la boma lalikulu la America la 1970, lotchedwa Controlled Substances Act, linaika mankhwala amene anthu angazolowere kapena kuwagwiritsa ntchito molakwika m'magulu asanu, amene amawatcha ma Schedule, ndipo bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, la DEA, ndi limene limayang'anira. Gulu loyamba ndi la zinthu ngati heroin, zimene dokotala sakulembera. Gulu lachiwiri muli morphine, oxycodone, hydrocodone ndi Adderall. Lachitatu muli testosterone, buprenorphine ndi mapilisi ena a ululu osakaniza ndi codeine. Lachinayi ndi limene limagwira anthu ambiri osayembekezera: muli diazepam, alprazolam, clonazepam, zolpidem wothandiza kugona, tramadol amene analowamo mu 2014, ndi phenobarbital wathuyu. Lachisanu muli pregabalin ndi lacosamide, amenenso odwala khunyu ena amamwa.

Pa gulu lachitatu ndi lachinayi, dokotala sangalole kukatenganso koposa kasanu, ndipo chikalata chimafa pakatha miyezi 6 kuchokera tsiku limene chinalembedwa, kaya ma refill atsala kaya ayi. Pa kusamutsa ma refill, magulu atatu onse, lachitatu, lachinayi ndi lachisanu, lamulo ndi limodzi: chikalata chimachoka ku famase ina kupita ku ina kamodzi kokha. Ayenera kulankhulana ndi a famase awiri okhala ndi laisensi, wina ndi mnzake, osati wothandiza pakauntala, osatinso iwe kunyamula pepala. Wotumizayo amachipha chikalatacho kumbali yake polemba kuti VOID, n'kulemba dzina, adiresi ndi nambala ya DEA ya famase yolandira. Wolandirayo amalemba kuti chabwera mosamutsidwa, tsiku limene chinalembedwa koyamba, ndi ma refill amene atsala. Onse awiri amasunga zolembazo zaka ziwiri. Choncho wa ku South Bend atangotsegula kompyuta anaona kuti chikalata cha amuna anga chinachokera kwina mu Ogasiti. Ulendo umodzi umene lamulo limapereka ndinali nditaugwiritsa ntchito kale, pofuna kupulumutsa mphindi khumi zoyendetsa galimoto.

Ndili m'galimoto panja pa famaseyo ndinaimbira ofesi ya dokotala. Anali ataweruka masana, kubwerera Lolemba. Foni inapita kwa olandira mauthenga, ndipo patapita nthawi anandiimbira dokotala amene anali pa ntchito sabata imeneyo. Anali waulemu, koma anati mankhwala a m'magulu amenewa salembera pa foni wodwala amene sanamuonepo. Anati tikasoweratu pogwira tipite kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi kapena ku timakiliniki ta urgent care, titanyamula kabotolo. Malangizo amenewo ndi abwino ndipo musawanyoze mukafika pamenepo. Kungoti ife inshulansi ya ku ntchito yatsopano inali isanayambe, ndipo ndinkadziwa kuti bilu ya chipinda chimenecho imabwera ngati mvula ya matalala.

Nditafika kunyumba amuna anga anayesa kundikhazika mtima pansi. “Mayi, musadandaule. Kumudzi kuja mankhwala akatha kuchipatala tinkakhala sabata osamwa.” Ndinawafunsa kuti nanga chipsera cha padzanja lawo lamanja chinabwera bwanji. Anakhala chete, chifukwa ndi m'sabata ngati imeneyo pamene anagwera pa mbaula. Phenobarbital si panado woti ungasiye lero n'kuyambanso Lolemba. Thupi limene lamuzolowera zaka zambiri likamusowa mwadzidzidzi, khunyu imatha kubwerera mwamphamvu kuposa kale, nthawi zina kugwa kotsatizana kosalekeza kumene kumapha. Mankhwalawa amachoka m'magazi pang'onopang'ono, kwa masiku angapo, ndipo zimenezi zimanamiza anthu: tsiku loyamba ndi lachiwiri munthu amaoneka bwinobwino, n'kumati si izi palibe chachitika. Tsono munthu wake anali woti Lolemba ayendetsa galimoto kupita ku ntchito imene wangoyamba kumene.

Nzeru zoipa zinabwera zambiri usiku umenewo, zina zanga zina za pa WhatsApp. Kudula mapilisi pakati kuti afike Lolemba. Kufunsa ngati pali wina m'gulu la Amalawi amene ali ndi mankhwala omwewo atibwereke. Mlamu wanga wa ku Lilongwe anafika pouza mkazi wake kuti akagule ku famase atumize ndi munthu amene akubwera Disembala, ngati kuti Disembala ndi mawa. Kuchepetsa mlingo popanda dokotala ndi kusewera ndi moyo, ndipo kubwerekana mankhwala a m'magulu amenewa ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Njira inali pamaso panga kuyambira pa kauntala paja, koma mkwiyo unanditseka makutu. Mayi uja ananena momveka kuti ma refill awiri ali moyo ku South Bend. Chikalata sichingasamuke, koma munthu angapite. Ndinaimbira achemwali ena a ku tchalitchi chathu chakale, amene anatilandira titangofika kumene ku America. Sanalole n'komwe kuti ndimalize kufotokoza. “Achemwali, nkhani yake ndi imeneyi basi? Ndikatenga Lachisanu m'mawa ndikutumizireni pa positi.” Za positi ndinawaletsa, poti ndinali nditangowerenga kuti munthu wamba saloledwa kutumiza mankhwala a dokotala pa positi ya America, amaloledwa ndi a famase, madokotala ndi makampani olembetsedwa. Komanso phukusi la Lachisanu likanafika Lolemba kapena Lachiwiri, mapilisi atatha kale. Tinagwirizana zokumana panjira.

Lachinayi famase ya ku South Bend inali yotseka. Tinadya nkhukundembo yathu ndi nsima pakati pa makatoni, ine mtima uli kwina. Lachisanu itangotsegula ndinaimba, ndinapempha kuti akonze refill, ndipo ndinawauza kuti adzatenga ndi munthu wina. Anafuna kuti wotengayo adziwe dzina lonse la wodwala, tsiku lobadwa ndi adiresi imene ili mu kompyuta yawo, komanso abwere ndi chiphaso chake chokhala ndi chithunzi. Apa panatsala pang'ono kuvuta, chifukwa ndinawapatsa achemwaliwo adiresi yatsopano pamene kompyuta inali ndi yakale. Anandiimbira ali pakauntala ndipo tinakonza. Iwo anatsika ndi msewu wa US 31, ine ndinakwera nawo, ndipo tinakumana pamalo omwetsera mafuta ku Kokomo. Anandipatsa kathumba koyera ka mankhwala, n'kutsegula buti kutulutsa thumba la ufa ndi kapaketi ka usipa, akuti ku Indianapolis simunadziwe kogula. Mafuta a galimoto anakana kuti ndiwabwezere. Pilisi lomaliza la botolo lakale amuna anga anamwa usiku womwewo, latsopano lili kale pa tebulo.

Lolemba ndinaimbira namwino wa dokotala wathu. Zinatenga mphindi zosakwana zisanu. Anatumiza chikalata chatsopano ku famase ya ku Indianapolis, chokwanira kufikira titapeza dokotala wina kuno, ndipo anandifunsa chifukwa chimene sindinaimbire tisanasamuke. Ndinalibe yankho. Chikalata chatsopano chimayamba ndi mbiri yoyera, ndipo dokotala angachitumize ku famase iliyonse imene mwamuuza. Lamulo la kamodzi lija limamanga chikalata, silimanga wodwala. Ndikanaimba foni imodzi sabata ziwiri tisananyamuke, za Kokomo sizikanakhalapo.

Namwinoyo anawonjezera chinthu chimene sindikanachiganiza. Anati aimbiranso ku South Bend kuti aphe refill imodzi imene inatsala. Steti iliyonse ili ndi kaundula wa pa kompyuta wa mankhwala amenewa, ndipo wa ku Indiana dzina lake ndi INSPECT. Botolo lililonse limene latuluka limalembedwamo: la ndani, analemba ndani, linatengedwa kuti, liti. Wa famase kapena dokotala akaona munthu mmodzi ali ndi zikalata ziwiri zamoyo za mankhwala amodzi m'mizinda iwiri, amayamba kukayikira, ndipo zikatero ngakhale wodwala weniweni amavutika kuthandizidwa. Ndiponso chikalata chatsopanocho sichinatanthauze kuti tikatenge botolo lina tsiku lomwelo. Tinali titangotenga Lachisanu, choncho chinakhala mu kompyuta kudikira kumapeto kwa Disembala.

Anthu amandifunsa kuti adziwa bwanji ngati mankhwala awo ali m'magulu amenewa, poti mayina ake savomera lilime. Yang'anani pa kabotolo. Pa mankhwala a gulu lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi lamulo limafuna kuti palembedwe chenjezo loti boma limaletsa kupereka mankhwalawa kwa munthu wina aliyense kupatula amene analemberedwa. Timalemba take timakhala tating'ono, m'munsi kapena m'mbali. Ine ndinaliona chenjezo limenelo kwa zaka, osadziwa kuti ndi chizindikiro. Njira yachidule kuposa pamenepo ndi kufunsa wa famase mawu awiri okha: kodi awa ndi controlled? Akati inde, funsani gulu lake, ndipo musanalole kuti asamutse dzifunseni ngati m'miyezi 6 ikubwerayi simudzafunanso kusamutsa pa chifukwa chachikulu kuposa cha lerochi.

Pali khomo limodzi limene lamulo lomwelo linasiya lotsegula. Mafamase amene amagwiritsa ntchito kaundula mmodzi wa pa kompyuta, woti wina akalemba mnzake amaona nthawi yomweyo, angapatsirane chikalata mpaka ma refill onse atatha. Kawirikawiri amenewa ndi nthambi za kampani imodzi, monga CVS, Walgreens, Walmart kapena Kroger. Ndiye ngati ntchito yanu ndi yoyendayenda, oyendetsa mathiraki, anamwino a makontirakiti a miyezi itatu, ana a sukulu amene amabwerera kwa makolo pa holide, ndi bwino chikalata chiyambire ku kampani imene ili ndi nthambi kumene mumapitako. Ndikanasamutsira ku kampani yotero mu Ogasiti muja, mwina nkhani ino sikanalembedwa. Ndimanena izi ndi kachisoni, chifukwa bambo wa kafamase kakang'ono uja ankatisamala kuposa onsewa, ndipo lamuloli, mosafuna, limakankhira anthu ku makampani akuluakulu.

Ndati mwina dala. Lamulo la boma lalikulu limanena lokha kuti kusamutsa kumatheka pokhapokha ngati lamulo la steti likulola, ndipo steti iliyonse ili ndi bungwe lake loyang'anira mafamase limene lingakhwimitse zinthu kuposa pamenepa. Kampani nayonso imatha kukhala ndi malamulo ake apamwamba pa amenewa. Ngakhale mndandanda wa mankhwala umasiyana. Gabapentin, amene ambiri amamwa chifukwa cha ululu wa mitsempha, sali m'gulu lililonse ku boma lalikulu, koma Kentucky inamuika m'gulu lachisanu mu 2017 ndipo masteti ena angapo anatsatira. Munthu wochoka ku Indiana kuwoloka mtsinje wa Ohio kupita ku Louisville angapeze kuti mankhwala amene ankawaona ngati wamba asanduka owerengedwa. Mukamawoloka malire a steti, funsani famase ya kumene mukupita, osati ya kumene mukuchoka.

Mankhwala wamba, a BP, shuga, mafuta a m'magazi, mphumu, alibe chipsinjo chonsechi. M'masteti ambiri chikalata chake chimakhala chaka chimodzi ndipo chingasamuke kangapo malinga ma refill alipo. Simupita ku famase yakale kukatsanzika. Mumapita ku yatsopano ndi kabotolo, iwo amawerengapo nambala ya chikalata ndi foni ya anzawo, n'kuimba okha. Apatseni masiku awiri kapena atatu, ndipo pewani Lolemba m'mawa ndi tsiku loti mawa ndi holide. Chimodzi chimene chimakola anthu ndi dongosolo lija loti famase izikukonzerani botolo yokha mwezi ukatha. Ngati yakaleyo yakonza kale n'kutumiza bilu ku inshulansi, yatsopanoyo ikayesa kompyuta imakana kuti mwafulumira. Zinandichitikira ndi metformin mu Disembala, pa chikalata china chakale chimene ndinaiwala kuti chilipo. Njira yake ndi kuimbira yakaleyo kuti ibweze botolo pa shelefu ndi kufufuta biluyo, kenako kuzimitsa dongosololo.

Gulu lachiwiri ndi nkhani ina. Kulibe refill ngakhale imodzi, ndiye palibe chosamutsa. Mwezi uliwonse pamafunika chikalata chake, ngakhale dokotala amaloledwa kulemba zingapo tsiku limodzi zokwana masiku 90, chilichonse ndi tsiku lake loyambira. Mnzanga wa ku ntchito ali ndi mwana amene amamwa Adderall, ndipo bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, la FDA, litalengeza mu Okutobala 2022 kuti mankhwalawa akusowa, ndinamuona akuvutika mwezi ndi mwezi. Dokotala atumize ku famase iyi, kulibe. Iye aimbe mafoni mpaka apeze kumene aliko, abwerere kwa dokotala kuti aphe chikalata choyamba n'kutumiza china, pofika kumeneko apeze atha. Kuyambira pa 28 Ogasiti 2023 DEA inasintha. Chikalata cha pa kompyuta cha gulu lachiwiri mpaka lachisanu chimene sichinatengedwepo n'kamodzi komwe chingasamutsidwe kupita ku famase ina wodwala akapempha. Nachonso ndi kamodzi kokha, a famase awiri ayenera kulankhulana, chiyenera kupita chili cha pa kompyuta chomwecho osasanduka pepala kapena fakisi, ndipo ngati chili ndi ma refill amapita nacho limodzi. Lamulo la steti liyeneranso kulola. Mnzangayo akuti ngakhale pano mafamase ena amamuyankha kuti makompyuta awo sangathe kutumizirana, choncho musanapemphe kusamutsa imbani kaye kumene mukufuna kupitako, mutsimikize kuti mankhwala alipo ndiponso kuti angalandire. Mukasamutsira kumene kulibe, mwabwerera kwa dokotala.

Sindinganame kuti lamuloli ndinayamba kulikonda. Ndikumvetsa chimene analiikira. Ndagwira ntchito m'nyumba za okalamba nthawi yokwanira kuona mapilisi akusowa m'kabati, ndipo ndikudziwa mabanja a kuno amene anaika ana awo m'manda chifukwa cha mankhwala a ululu. Chikalata chimene chingayende mafamase asanu ndi chovuta kuchilondola, ndipo wachinyengo angatenge kuno n'kukatenganso uko. Koma lamulo limeneli linapangidwa nthawi ya mapepala ndi mafoni. Lero botolo lililonse limaoneka mu kaundula wa steti, ndipo sindiona chimene chingaonongeke munthu wa khunyu amene wasamuka mzinda atasamutsa kachiwiri. Amenewo ndi maganizo anga, ndipo pa kauntala sagula kanthu. Chimene ndimadandaula nacho kwambiri ndi chakuti kusamutsa koyamba kumachitika mosavuta, moti munthu sazindikira kuti wawononga chinthu. Bwenzi pali kapepala kosainira, kapena chidindo chofiira pa kabotolo.

Mayi wa gauni yoyera uja ndinabwerera kukamupepesa sabata yotsatira. Anaseka n'kunena kuti tsiku limenelo ine sindinali woyamba kumukalipira ndiponso sindinali womaliza. Mpaka pano ndi amene amatipatsa mankhwala. Ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kuwerenga tsiku limene chikalata chinalembedwa m'malo mongoyang'ana nambala ya ma refill, chifukwa ukachedwa kutenga mwezi umodzi kapena iwiri, miyezi 6 imakwana refill yomaliza isanatengedwe ndipo imapsa.

Pa chitseko cha firiji yathu pali pepala limene ndimalisintha dokotala akalemba chatsopano. Pali dzina la mankhwala, tsiku limene chikalata chinalembedwa, tsiku limene chidzafe, ma refill otsala, ndi bokosi laling'ono lolembedwa kuti “chasamuka?” M'kabotolo mukatsala mapilisi khumi ndimaimba foni. Chaka chatha tinapita ku Malawi kwa sabata zisanu, ndipo ndinayamba kukambirana ndi dokotala, famase ndi a inshulansi mwezi wathunthu tisananyamuke kuti atilole kutenga okwanira ulendo wonse. Tinawanyamula m'chikwama cha m'manja, m'botolo lake lomwelo lokhala ndi dzina, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Apongozi anga atawaona amuna anga akumeza pilisi limodzi usiku anafunsa kuti ena awiri aja anapita kuti, ndipo analowa kuchipinda n'kutulutsa kabuku kakale ka kuchipatala kaja, kamene anakasunga m'sutikesi zaka zonsezi, kuti atisonyeze pamene adokotala analemba kuti atatu.